Ndani anali pagolo tsiku lija?

Loweruka likafika, ola limodzi mpira usanayambe, pitani pa Chitakale mukaone. Akabaza aimika njinga pansi pa mtengo, ogulitsa chinanazi ayang'ana pansi, aliyense chala chili pa foni. Sitikudikira chigoli ayi, mpira sunayambe n'komwe. Tikudikira kachithunzi kamodzi pa Facebook, ka mayina 11 a omwe ayambe. Kakangotuluka, phokoso. "Aise, kochi ameneyu akuganiza bwanji? Mwana uja wamuikanso pa benchi?" Timakangana mpaka wapakati aimbe wezulo. Mpira ukatha timakambirana zigoli, ndipo pofika Lachiwiri kachithunzi kaja kamira pansi pa mauthenga a maliro, malonda a zovala ndi nthabwala za ndale. Palibe amakafunanso.

Amalume anga sankatero. Anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, ndipo dzanja lawo linazolowera kulemba mayina m'mizere: wabwera, sanabwere, wathyola makilo mwakuti. Luso lomwelo analitengera ku mpira. Kuyambira ali mnyamata m'zaka za m'ma 1970, Bullets ikamasewera ankakhala pakhonde ndi wailesi ndi kope la sukulu. Pamwamba tsiku ndi bwalo, pansi pake mayina monga woulutsa wawatchulira, kenako zigoli, ndipo kumapeto chiganizo chimodzi cha maganizo awo. Makopewo anakwana mulu, omangidwa ndi chingwe cha mlaza. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa chipupa cha nyumba yawo, madzi analowa mpaka m'bokosi. Anthu anataya abale ndi minda sabata imeneyo, moti kudandaula za makope kunali kochititsa manyazi. Amalume sananene kanthu. Patapita miyezi ndi pomwe anandiuza kuti, "Mphwanga, mayina aja apita."

Ndinkaganiza kuti n'zosavuta kuwabwezera. Si tili ndi intaneti? Ndinagula bandulo, ndinakhala usiku wonse. Zomwe ndinapeza ndi mafupa okhaokha a mbiri, nyama palibe.

Mafupawo ndi awa. Bullets inabadwa mu 1967, osewera ena atapatuka ku Wanderers, timu yomwe inayamba mu 1962. N'chifukwa chake mpaka lero awiriwa amatchulana kuti neba, ngati anthu ogawana mpanda omwe sabwerekana mchere. Dzina la timu lakhala likusintha motsata thumba la ndalama: Bata Bullets nthawi ya kampani ya nsapato, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, kenako FCB Nyasa Big Bullets. Kwa neba n'chimodzimodzi: Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Munthu ukhoza kuwerenga mbiri ya chuma cha Malawi pongoyang'ana pachifuwa pa malaya a matimu awiriwa.

M'masiku a amalume, njira yodziwira mpira kwa munthu wa ku Mulanje inali imodzi: MBC. Wailesi ya kanema inafika mu 1999, ndipo Daily Times kapena Malawi News inkafika pa Boma kwa omwe anali ndi ndalama yogulira. Choncho ambiri mwa ochemerera Kinnah Phiri sanamuonepo ndi maso. Ankamudziwa ndi khutu. Woulutsa akamatchula mayina mpira usanayambe, pakhonde pankati zii, chifukwa ukaphonya dzina limodzi panalibe pobwerera. Mibadwo yotsatira inakula ndi mawu a Steve Liwewe Banda, ndipo mayina monga Lawrence Waya ankalowa m'mutu ngati ndime ya katekisimu. Anthu ankaloweza chifukwa panalibe china chowasungira.

Ndipo mayinawo anali oyenera kuwaloweza. Mu 1978 Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa pakhomo, itagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza. Chaka chotsatira inakachiteteza ku Kenya, kugonjetsa eni bwalo 3-2. Mu 1984 tinapita koyamba ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast, ndipo mu 1988 chikho cha chigawo chija chinabweranso. Kinnah yekha anamwetsera Flames zigoli 71. Koma yesani kufunsa pa Chitakale kuti timu ya 1978 inali ndani ndi ndani. Akuuzani Kinnah. Wachikulire awonjezera Jack Chamangwana, wa kwa neba, yemwe anadzasewerera Kaizer Chiefs ndipo anatisiya mu 2018. Kenako anthu ayamba kukanda m'mutu. Anthu 11 anatenga chikho, ife tasunga awiri kapena atatu, ndipo onsewo ndi omwe mayina awo ankamveka kwambiri pa wailesi. Wotchinga kumanzere, yemwe ntchito yake inali kuonetsetsa kuti woulutsa asakhale ndi chonena mbali yakeyo, anaiwalika kalekale.

Chinthuchi sindikanachiona ngati vuto pakanapanda mlendo wina wa ku Canada yemwe ndinakwera naye minibasi kuchokera ku Likhubula, atatsika m'phiri. Tinayamba kucheza za masewero, iye n'kundiuza kuti kwawo mpira wathuwu uli pambuyo, mtima wa anthu uli pa hockey ya pa ayisi. Kwa amene simunaionepo: amasewera pa bwalo la madzi oundana, atavala nsapato zokhala ndi mpeni pansi, akumenya kachimbale kakuda ka labala ndi ndodo zokhota. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 6 pamodzi ndi goloboyi. Masewerowa ndi othamanga kwambiri moti munthu satha mphindi ziwiri asanapume, choncho osewera amasinthana m'magulumagulu mpira uli mkati. Kutsatira timu kumeneko ndi kutsatira magulu amenewa: atatu akutsogolowa amamvana, uyu akamuphatikiza ndi uja zigoli zimauma. Mkangano wathu wa pa Chitakale iwo amauchita masewero aliwonse, ndipo timu iliyonse ya mu ligi yawo ya NHL imasewera kopitirira 80 pa chaka.

Timu yake inali Montreal Canadiens, yomwe inayamba mu 1909 ndipo yatenga chikho cha Stanley Cup ka 24, komaliza mu 1993. Ndinamuuza monyada kuti Maule atenga ligi kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023, ali ndi Callisto Pasuwa. Anaseka n'kuti nawonso anachitapo zomwezo, kuyambira 1956 mpaka 1960. Kenako anatulutsa foni. Asanabadwe n'komwe nthawi imeneyo, koma anandionetsa timu yonse: mphunzitsi Toe Blake, goloboyi Jacques Plante, Doug Harvey kumbuyo, Jean Béliveau, Maurice Richard ndi mng'ono wake Henri kutsogolo. Osewera 12 anakhalapo pa zikho zisanu zonsezo, ndipo aliyense zigoli zake ndi masewero ake zinalembedwa. Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi chikhocho. Chinaperekedwa koyamba mu 1893, ndipo kuyambira 1924 chaka chilichonse mayina a osewera a timu yopambana amazokotedwa pa chitsulo chake. Malo akadzaza amachotsa mkombero wakale n'kukausunga ku Hockey Hall of Fame ku Toronto. Wotchinga yemwe sanamwetse chigoli chaka chonse dzina lake lili pomwepo, pafupi ndi la katswiri.

Ine zikho zathu zisanu zinali za dzulodzuloli, koma nditayesa kutchula omwe anakhalapo pa zonse, ndinayamba kuchita chibwibwi.

N'zosavuta kunena kuti iwo ndi olemera, ife ndife osauka. Mbali ina n'zoona: kusunga zolemba kumafuna nyumba yosadontha ndi munthu wolipidwa. Koma ndikuona kuti pali chifukwa china, chomwe chili m'mbiri ya mpira wathu weniweniwo. Timu ya ku Montreal ija inatha kusunga anthu 12 kwa zaka zisanu. Kwathu kuno mndandanda wa osewera uli ngati depoti ya basi: wosewera akangowala, ulendo wa ku Joni wayandikira.

Taonani 2004. Bakili Muluzi atalowetsa ndalama zake mu timu, Bakili Bullets, mphunzitsi ali Kinnah Phiri yemwe uja, inatulutsa Orlando Pirates mu CAF Champions League n'kulowa m'ndime ya magulu. Nthawi imeneyo m'ndimeyi munkalowa matimu 8 okha mu Africa yense. Gulu lathu linali ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Sitinapitirire, koma onani omwe anatitsekereza: Enyimba ndi Étoile ndi omwe anakakumana mu ndime yomaliza, Enyimba n'kutenga chikho. Imeneyo ndiyo inali timu yoti mwana aliyense aziiloweza. Koma thumba litatsekedwa, mayina anayamba kuchoka limodzilimodzi. Peter Mponda, Fischer Kondowe, Robert Ng'ambi, goloboyi Swadick Sanudi, onsewa tinadzawamva akutchulidwa m'matimu a ku South Africa. Mu 2013 Gabadinho Mhango anatsata njira yomweyo kupita ku Bloemfontein Celtic, ndipo mu 2020 anali m'modzi mwa awiri omwetsa zigoli zambiri mu ligi ya kumeneko, zigoli 16, atavala malaya a Orlando Pirates, timu yomwe Maule anaitulutsa ija.

Njirayi ndi yakale. Kinnah mwiniwake anakathera mpira wake ku Manzini Wanderers ku Swaziland. Ernest Mtawali, pomwe South Africa inali yoletsedwa ndi FIFA chifukwa cha tsankho, ankasewera ku Bloemfontein Celtic pa dzina la Ernest Chirwali. Ganizirani: m'modzi mwa akatswiri athu akuluakulu analembedwa pa mndandanda ndi dzina lina. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, adzukulu awo amapita ndi nsapato za mpira. Choncho mndandanda wa Loweruka lililonse si nkhani ya mpira yokha. Ukauika pamodzi ndi wa chaka chatha ndi wa chaka chinacho, umakuuza yemwe anachoka, liti, ndipo chifukwa chiyani. Ndi kaundula wa anthu athu opita kunja, wolembedwa sabata ndi sabata. Amalume ankalemba mbiri ya dziko osadziwa.

Chodabwitsa n'chakuti ife a mafoni tili pangozi yoiwala kuposa iwo. Tikudziwa zambiri, inde. Pa 25 Januwale 2022 tonse tinaona Gaba akuponya mzinga uja kuchokera kutali ku Yaoundé, Morocco isanabweze n'kutigonjetsa 2-1, ndipo kanemayo aliyense ali naye. Koma popeza tikuganiza kuti foni ikusunga, sitiloweza ndipo sitilemba. Foni imabedwa pa depoti, tsamba la Facebook limatsekedwa, woyang'anira tsamba akakangana ndi akuluakulu a timu amachoka nalo. Kope la amalume linakhala zaka pafupifupi 50 mpaka namondwe. Ndi kachithunzi kangati ka pa WhatsApp komwe kadzafike 2070?

Funsoli lili pakhomo pathu penipeni. Mu 2024 FOMO FC, timu yochokera ku bungwe losamalira ana amasiye la Friends of Mulanje Orphans, inasewera mu Super League, ndipo matimu akuluakulu ankabwera pa Mulanje Park, phiri lili kumbuyo kwa golo. Kwa ife omwe tinakula tikumvera mpira wa ku Blantyre pa wailesi, kuona anyamata omwe timakumana nawo pamsika akulowa m'bwalo kukakumana ndi Silver Strikers kapena Manoma chinali chinthu chachikulu. Timuyo inatuluka mu ligi chaka chomwecho. Sabata yatha ndinafunsa anzanga anayi omwe tinkaonera limodzi kuti anditchulire 11 omwe anayamba masewero oyamba a pakhomo. Tinakangana za goloboyi mpaka chipisi chinazizira, osagwirizana.

Anyamata amenewo mwina sadzazokotedwa pa chitsulo chilichonse. Ena apita ku matimu ena, ena abwerera ku kabaza ndi ku minda ya tiyi. Tsiku lina mwana wa m'modzi wa iwo adzanena kusukulu kuti bambo ake anasewerapo mu Super League, anzake adzamuseka kuti ndi bodza, ndipo sipadzakhala pepala loti aonetse.

Ndiye ndagula makope awiri a masamba 96. Limodzi ndi langa: masewero aliwonse a pa Mulanje Park, kaya ndi a ligi yaing'ono, ndikulemba tsiku, mayina onse, olowa m'malo ndi zigoli, kenako ndikujambula tsambalo n'kulisunga pa intaneti, kuti madzi akatenga china, china chitsale. Lachiwiri ndinapititsa kwa amalume. Ndinawapempha kuti alembe chilichonse chomwe chatsala m'mutu, ngakhale mayina asanu pa masewero amodzi, osadandaula za mipata.

Analitembenuza, n'kuyesa cholembera pachikuto. "Mipatayo udzadzaza ndiwe?"

Ndinati ndiyesetsa, ndipo mwina ena owerenga pano ali ndi agogo omwe ankakhalanso pakhonde ndi wailesi. Ngati alipo, afunseni akadali moyo, mulembe zomwe anene, munditumizire.

Amalume anajambula mizere inayi ndi rula, monga ankachitira ku esiteti. Pamwamba analemba 1978. Pa nambala 1 anaima nthawi yaitali, cholembera chili m'mwamba, kenako anadumpha mzerewo n'kuyamba ndi Kinnah.