Malungo a ku Cigwa ndi Shuga wa m'Mwazi

Inu a ku Chikwawa, manda a kwa Chibisa muwadziwa. M'menemo agona Scudamore ndi sing'anga Dickinson, a Mishoni ya U.M.C.A., amene anamwalira m'caka ca 1863. Mkuru wao, Bishopu Mackenzie, anatsogola pa 31 Januwale 1862, pa cisumbu ca pa mathiriro a Ruo, kufupi ndi Chiromo. Bwato lace linagubuduka, kwinini namira m'Shire, ndipo malungo anampeza wopanda mankhwala.

Masiku amenewo anthu anayesa kuti malungo acokera ku nthunzi ya m'madambo. Za udzudzu zinadziwika m'caka ca 1897. Koma cina cinabisika nthawi yaitali koposa, ndico shuga wa m'mwazi.

Taonani umo thupi likhalira. Bongo ulibe nkhokwe yaceyace. Udya shuga wobwera ndi mwazi, ndipo nkhokwe yace ndi ciwindi. Mwana akagwidwa ndi malungo akuru aleka kudya, tizirombo ta malungo tidyako shuga yemweyo, ndipo ciwindi cilephera kupanga wina. Pamenepo mwana aphupha, nakomoka. Mwa akuru zimayamba kufooka ndi impso, mkodzo nucepa kapena kuda bii. Codabwitsa n'cakuti kwinini, mankhwala omwe Bishopu anawasowa, atsitsanso shuga, makamaka mwa amai apakati. Ici anacionetsa asing'anga ku Thailand m'caka ca 1983.

Kuno kwathu, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayesa ana 95 odwala malungo a ku bongo pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, nalengeza zimene anapeza m'caka ca 1988. Ana 19 anafika shuga atatsika kale, asanalandire kwinini, ndipo 7 mwa iwo anamwalira lisanathe tsiku limodzi. Mwa 76 otsalawo anamwalira 3 okha. Ine ndiyesa kuti mawerengero amenewa ayenera kudziwika m'midzi monga adziwikira manda aja.

Cifukwa cace mwana wokomoka akafika ku cipatala, namwino ambaya cala kuyesa shuga, ndipo akaupeza wocepa amthira madzi a shuga mu mtsempha. Masiku ano mankhwala oyamba pa malungo akuru a ana ndi artesunate. Koma kucokera ku Nsanje kufika ku Blantyre, kumene kuli cipinda ca odwala a kayakaya, ndi ulendo woposa makilomita 150, ndipo nkhokwe ya mwana wosayamwa ikutha m'maora owerengeka.