Kodi amalipira zipangizo za njinga za anthu aulumali ndani?

Njinga ya munthu waulumali imafuna khushoni, matayala ndi mabuleki abwino. Khushoni ndi yofunika kwambiri chifukwa imateteza munthu ku zilonda zobwera kaamba kokhala malo amodzi nthawi yaitali. Ku Chiweta m'boma la Rumphi, komwe kuli zitunda, miyala ndi mchenga wa kunyanja, zipangizozi sizichedwa kutha.

M'Malawi mulibe inshuwalansi ya zaumoyo ya boma yokhudza nzika zonse. Chithandizo m'zipatala za boma, monga chipatala chachikulu cha Rumphi, n'chaulere, pomwe zipatala za mipingo za CHAM, monga David Gordon Memorial ku Livingstonia, zimalipiritsa kupatula chithandizo chimene boma linagwirizana nazo kuti lizilipira.

Njinga zambiri zimachokera ku mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, lomwe kale linkatchedwa Malawi Against Polio, ndi limodzi mwa amene akhala akupanga ndi kukonza njingazi. Amene ali pa inshuwalansi, monga ya MASM, amathandizidwa malinga ndi sikimu imene amalipira, choncho ndi bwino kufunsa asanagule chipangizo ndi kusunga kalata ya dokotala komanso malisiti.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. N'chifukwa chake akuluakulu a makhonsolo polandira njinga zothandizira anthu ayenera kufunsanso za ndalama zokonzera, pakuti njinga yopanda tayala imabwezera mwini wake m'nyumba.