Mbiri ya Nkhondo Yotseka Zotsatsa pa Intaneti

Tsiku lina bandulo yanga inatha ndisanamalize kuwerenga nkhani imodzi. Timakanema totsatsa malonda tinali titaidya. Ndinaganiza zofufuza kumene vutoli linachokera.

Mu October 1994, webusaiti ya HotWired inaika chikwangwani cha kampani ya AT&T, chimodzi mwa zotsatsa zoyambirira pa intaneti. Posakhalitsa otsatsa anayamba kugwiritsa ntchito ma cookie potsata munthu kulikonse kumene wapita, n'kumasunga zomwe amakonda.

Anthu sanangopinda manja. Mu 2002 wophunzira wa ku Denmark, Henrik Aasted Sørensen, analemba Adblock, kapulogalamu kolowetsa mu browser. Mu 2006 Wladimir Palant anatenga udindo wa Adblock Plus, koma mu 2011 pulogalamuyo inayamba kulola zotsatsa zina kudutsa, ndipo makampani akuluakulu amalipira kuti alowe pamndandandawo. Ambiri anakhumudwa, n'chifukwa chake uBlock ya Raymond Hill, yomwe inatuluka mu 2014 n'kudzakhala uBlock Origin, inalandiridwa bwino.

M'zaka zomwezo Jacob Salmela anapanga Pi-hole, yomwe imayenda pa kakompyuta ka Raspberry Pi. Foni ikafuna kutsegula webusaiti, imayamba yafunsa DNS adiresi yake. Pi-hole imakana kuyankha ngati dzinalo ndi la otsatsa, motero imateteza zipangizo zonse m'nyumba, ngakhale TV ndi mapulogalamu a pafoni. Koma imangoona dzina, osati zamkati. Zotsatsa za pa YouTube zimachokera komwe kanemayo akuchokera, ndiye zimadutsa. uBlock Origin imatha kuzichotsa chifukwa imaona tsamba lenilenilo, koma mphamvu zake zimathera mu browser.

Kuyambira 2024, Google inayamba kuzimitsa uBlock Origin mu Chrome potsatira malamulo atsopano a Manifest V3. Kampani yomwe chuma chake chimadalira zotsatsa ndiyonso mwini browser.

Ambirife timadalira foni, ndipo Chrome ya pa Android silola timapulogalamuti. Ine ndinaika Firefox ndi uBlock Origin, kenako ndinasintha Private DNS, yomwe inabwera ndi Android 9 mu 2018. Komabe ndikudziwa kuti amene ndam'patsa DNS yanga amaona dzina la webusaiti iliyonse imene ndatsegula. Musanasinthe yanu, werengani kaye kuti amasunga chiyani za inu.