Sitima za mu Malichi 1943: Bulgaria inapulumutsa ndani, inapereka ndani

Dziko la Bulgaria lili ndi nkhani imene limainyadira kwambiri. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse linali kumbali ya Hitler, komabe Ayuda ake pafupifupi 48,000 sanatumizidwe ku misasa yopherako anthu ya ku Poland. Nkhaniyi ndi yoona. Koma m'mwezi womwewo umene anthuwa anapulumuka, Malichi 1943, apolisi ndi asilikali a boma lomwelo anagwira Ayuda ena 11,343 n'kuwapereka m'manja mwa a chipani cha Nazi, ndipo anakaphedwa ku Treblinka. Mfumu inali imodzi, nduna zinali zomwezo, ngakhale ofesi yolemba mayina a ogwidwa inali imodzi. Nanga chinasiyanitsa magulu awiriwa n'chiyani? Ine ndikuona kuti yankho lili pa lamulo lina la unzika, limene linalembedwa mwakachetechete miyezi 9 sitima zisanayambe kuyenda.

Bulgaria sinali dziko lachifundo kwa Ayuda. Mu Januwale 1941 Mfumu Boris III inasainira lamulo limene ankati ndi loteteza fuko. Lamuloli linaletsa Ayuda kukwatirana ndi anthu ena, linawachotsa pa ntchito za boma, linachepetsa chiwerengero chawo m'masukulu a ukachenjede ndi pa malonda. Amuna ankatengedwa kukagwira thangata yokonza misewu. Pa 1 Malichi chaka chomwecho dzikolo linalowa mu mgwirizano wa Germany, ndipo mu Epulo linalandira mphoto yake: Hitler atagonjetsa Yugoslavia ndi Greece, anapereka kwa Bulgaria chigawo cha Macedonia, dera la Pirot, ndi mbali ina ya kumpoto kwa Greece, kuphatikizapo Thrace. Boma linatcha maderawa kuti maiko atsopano, n'kutumizako apolisi, aphunzitsi ndi akalaliki ake.

M'maderamo munali Ayuda amene makolo awo anathamangitsidwa ku Spain mu 1492. Anali atakhala ku Bitola, ku Skopje, ku Kavala kwa zaka mazanamazana, akuyankhulabe chinenero chawo cha Ladino, chimodzimodzi abale awo a ku Sofia ndi ku Plovdiv. Mu Juni 1942 nduna zinatulutsa lamulo lopatsa unzika wa Bulgaria anthu a m'maiko atsopanowo. Munali kachiganizo kamodzi kopatula Ayuda. Yugoslavia imene anali nzika zake inali itaphwasulidwa, Greece inali pansi pa adani. Kuyambira tsiku limenelo anthuwa analibe boma lililonse loti lingawatche ake.

Palibe mfuti imene inalira tsiku limenelo. Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzakhala m'maofesi, tikulemba zikalata zimene akuluakulu azidzasainira, n'chifukwa chake mbali imeneyi imandigwira mtima kuposa mbali ya nkhondo yeniyeniyo. Amene analemba kachiganizo kaja anali anthu ophunzira zamalamulo. Ku Bitola akuluakulu a boma analamula Ayuda kuti abweretse zithunzi zawo za kalembera. Zithunzizo zilipo mpaka lero, nkhope za anthu atavala bwino, atapesa tsitsi, monga amachitira aliyense akamakajambulitsa chithunzi cha chiphaso.

Mu Ogasiti 1942 boma linakhazikitsa ofesi yoona za Ayuda, n'kuipereka kwa loya wina wodana ndi Ayuda koopsa, Alexander Belev. Pa 22 Febuluwale 1943 Belev anasainirana pangano ndi Theodor Dannecker, nthumwi ya gulu la SS, lopereka Ayuda 20,000 ochokera m'maiko atsopano. Vuto linali loti kumeneko kunalibe Ayuda okwana 20,000. Belev anangotenga cholembera n'kufufuta mawu onena za maiko atsopano, kuti otsalawo, pafupifupi 8,000, akawatenge mu Bulgaria mwenimweni. Nduna zinavomereza pa 2 Malichi.

Pa 4 Malichi, kusanache, apolisi anagogoda pa zitseko ku Kavala, Drama, Serres, Xanthi, Komotini ndi Alexandroupoli. Anthu oposa 4,000 anatsekeredwa m'nyumba zosungiramo fodya, kenaka anawakweza sitima kudutsa pakati pa Bulgaria, kukafika ku Lom pa mtsinje wa Danube. Kumeneko anawaika m'ngalawa mpaka ku Vienna, ndipo kuchokera ku Vienna sitima inawatengera ku Treblinka. Anadutsa m'masiteshoni a Bulgaria anthu akuona.

Masiku omwewo mphekesera inafika m'tauni ya Kyustendil kuti Ayuda a kumeneko nawonso atengedwa. Chinsinsi chinali chitaululika kuchokera mu ofesi ya Belev momwemo. Mlembi wake, Liliana Panitsa, ndi mmodzi mwa amene anachenjeza anthu. Mabogi anali ataima kale pa siteshoni. Anthu anayi a m'tauniyo, amene sanali Ayuda, anakwera sitima kupita ku Sofia: wamalonda Asen Suychmezov, phungu Petar Mihalev, loya Ivan Momchilov ndi mphunzitsi Vladimir Kurtev. Ankapita kwa mwana wa kwawo, Dimitar Peshev, wachiwiri kwa sipikala wa nyumba ya malamulo.

Peshev sanali wotsutsa boma. Anali wa mbali yolamula, ankagwirizana ndi mgwirizano wa Germany chifukwa unabweretsa malo amene Bulgaria inkawalirira, ndipo lamulo lija la 1941 sanalitsutse m'nyumba ya malamulo. Koma amene ankayembekezera mabogi ku Kyustendil anali anthu amene anakula nawo. Pa 9 Malichi Peshev ndi aphungu ena anakakumana ndi nduna ya zam'dziko, Petar Gabrovski. Ndunayo poyamba inakana kuti kulibe pulani yotere. Iwo sanachoke. Pomaliza lamulo linatuluka loti kugwira Ayuda mu Bulgaria mwenimweni kuyambe kwaima, ndipo mafoni anayamba kulira m'maofesi a m'zigawo.

Ku Plovdiv uthengawo unachedwa. Pa 10 Malichi Ayuda mazana angapo anali atasonkhanitsidwa kale pa sukulu yawo. Bishopu wamkulu wa mpingo wa Orthodox kumeneko, Kiril, anatumiza telegalamu kwa mfumu, n'kupita yekha pa sukulupo. Anthu amasimba kuti analonjeza kukagona pa njanji sitima ikanyamuka. Tsiku lomwelo anthuwo anamasulidwa.

Peshev ankadziwa kuti kuimitsa si kuthetsa. Analemba kalata yopita kwa nduna yaikulu Bogdan Filov, yochenjeza kuti kupereka anthuwa kudzadetsa dzina la dziko, ndipo aphungu 42 anasainira limodzi naye, pafupifupi onse a mbali ya boma. Anaipereka pa 19 Malichi. Filov anaiona ngati kugalukira. Anapanikiza aphunguwo mpaka ambiri anabweza mawu awo, ndipo mweziwo usanathe Peshev anachotsedwa pa udindo wake.

Tsopano taonani madeti awa. Pa 11 Malichi, masiku awiri okha Gabrovski ataimitsa kugwira anthu, apolisi ndi asilikali a Bulgaria anazinga Skopje, Bitola ndi Štip. Ayuda oposa 7,000 anawaunjika m'nyumba za kampani ya fodya ya boma yotchedwa Monopol ku Skopje. Sitima zitatu zinanyamuka pa 22, pa 25 ndi pa 29 Malichi. Zonse zitatu zinachoka kalata ya Peshev itafika kale pa tebulo la nduna yaikulu. Aliyense wamaudindo ku Sofia ankadziwa tanthauzo la mabogi, popeza anali atangolimbana nawo sabata yapitayo. Kwa anthu a ku Bitola panalibe phungu amene anaphunzira nawo, panalibe nthumwi zinayi zokwera sitima, ndipo panalibe lamulo loti munthu n'kuimirirapo n'kunena kuti awa ndi nzika zathu.

Umboni wakuti nkhani inali pa pepala uli mu Monopol momwemo. Anthu ochepa anatulutsidwa sitima zisananyamuke: madokotala ndi ogulitsa mankhwala amene boma linkawafuna, komanso Ayuda amene anali ndi unzika wa maiko ena, monga Spain ndi Italy. Anali m'chipinda chimodzi ndi anzawo, akupemphera mapemphero amodzi. Chiphaso chinawatulutsa.

Sindikunena izi pofuna kuchepetsa zimene Peshev anachita. Anataya udindo wake chifukwa cha anthu ena, ndipo ndi ochepa amene amatero. Chimene ndikunena n'chakuti chifundo chake, ndi cha ambiri amene anaimirira naye, chinali ndi malire, ndipo malirewo anali omwe aja amene nduna zinalemba mu Juni 1942. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma boma linali litagamula kale kuti mnzako ndi uti. Mwa akuluakulu ochepa amene anadandaulako za anthu a m'maiko atsopano munali Bishopu Stefan wa ku Sofia, amene anachonderera mfumu atamva za mmene anthu a ku Thrace ankazunzikira m'mabogi. Sizinasinthe kanthu.

Belev sanagonje. Mu Meyi anabweranso ndi pulani yopereka Ayuda onse. Mfumu inasankha njira ina: Ayuda a mu Sofia, pafupifupi 20,000, athamangitsidwire kumidzi ndi m'matauni aang'ono. Pa 24 Meyi, tsiku la chikondwerero cha oyera mtima Cyril ndi Methodius, Ayuda anachita zionetsero mu mzindawo, apolisi n'kuwabalalitsa, ndipo Stefan anadzudzula poyera nkhanza zimenezi. Anthuwo anathamangitsidwabe, nyumba ndi katundu wawo n'kugulitsidwa. Kupulumuka kwake kunali kotere: wamoyo, koma wolandidwa zonse. Kazembe wa Germany ku Sofia, Adolf Beckerle, anadandaula m'malipoti ake kuti anthu a ku Bulgaria, pokhala anakulira limodzi ndi anthu a mitundu ya Armenia, Greece ndi Roma (amene ambiri amawatcha ma Gypsy), sankaona cholakwa chapadera mwa Ayuda. Iye ankalemba izi ngati chilema cha mtunduwo.

Pa mfumuyo anthu amakanganabe. Omuikira kumbuyo amati ndi iye anakana kupereka Ayuda, pouza a ku Germany kuti akuwafuna pa ntchito ya misewu. Zimenezo ananenadi. Koma tisaiwale kuti asilikali a Hitler anali atagonja ku Stalingrad pa 2 Febuluwale 1943, ndipo aliyense wochenjera anali atayamba kuganiza za tsiku lodzayankha mlandu. Boris anamwalira pa 28 Ogasiti 1943, patangopita masabata awiri chibwerereni kokaonana ndi Hitler. Ine ndimamuona ngati munthu amene ankayeza kumene mphepo ikulowera. Pamene aphungu ndi mabishopu anachita phokoso, iye anaimitsa sitima. Pamene panali zii, sitima zinapita, ndipo boma lake ndi limene linazikonza.

Nkhondo itatsala pang'ono kutha, boma la chikomyunizimu linaimba Peshev mlandu chifukwa anali phungu wa ulamuliro wakale, n'kumugamula kuti akakhale kundende zaka 15. Anatuluka patapita nthawi yochepa, nakhala moyo wosauka ndi woiwalika. Bungwe la Yad Vashem ku Jerusalem linamulemekeza mu 1973, chaka chomwe anamwalira. Ayuda ambiri amene anapulumuka anali atasamukira ku Israel m'zaka za 1948 ndi 1949.

Ku Israel komweko, chipilala cholemekeza Mfumu Boris chinachotsedwa mu 2000 mabanja a Ayuda a ku Macedonia ndi Thrace atadandaula. Mu Malichi 2013, pokumbukira zaka 70, nyumba ya malamulo ya Bulgaria inatulutsa chikalata chodzudzula kutengedwa kwa anthu 11,343 aja ndi kumva chisoni kuti akuluakulu a Bulgaria a m'maderawo analibe mphamvu yoletsa. Amene anagogoda pa zitseko ku Bitola pa 11 Malichi anavala yunifolomu ya Bulgaria.