Mabuku a Phiri la K2 ndi Usiku wa Amir Mehdi

Phiri la K2 lili m'malire a Pakistan ndi China, pakati pa mapiri a Karakoram, ndipo nsonga yake ili pa mamita 8,611. Padziko lonse limaposedwa ndi Everest yekha. Ngakhale mutasanjikiza a Sapitwa awiri, pangatsalebe mtunda woposa makilomita awiri ndi theka kuti mufike pamwamba pake. Dzina lake lachilendolo linachokera kwa Thomas Montgomerie, woyeza malo wa ku Britain, amene mu 1856 analiona ali kutali nalilemba m'kaundula wake ndi chilembo K, kuimira Karakoram, ndi nambala 2. Anthu anafika pansonga pake koyamba pa 31 July 1954. Zimene zinachitika usiku woti mawa lake afikako zinakanganitsa olemba mabuku kwa zaka zoposa 50.

Tiyenera kumvetsa kaye mmene mabuku a maulendo otere ankalembedwera m'zaka zimenezo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mayiko a ku Ulaya ankapikisana pa mapiri 14 opitirira mamita 8,000, ndipo ulendo uliwonse unkanyamula mbendera ya dziko. Buku lofotokoza ulendo linkalembedwa ndi mtsogoleri, ena onse atasainiratu kuti sadzasindikiza kanthu kwa zaka zingapo. Umu ndi mmene Maurice Herzog wa ku France analembera Annapurna mu 1951, buku limene linagulidwa mamiliyoni ambiri. Zolemba za mnzake Louis Lachenal, amene anafika naye pansonga nadulidwa zala zonse za kumapazi, zinatuluka mu 1956 mwini wake atamwalira, zitachotsedwamo mbali zowawa, ndipo zinadzasindikizidwa zathunthu mu 1996. Ngati mzungu wofika pansonga ankatsekedwa pakamwa chonchi, nanga wonyamula katundu?

Onyamula katundu a ku Karakoram anali a magulu awiri. Anthu a ku Baltistan, mazanamazana, ankasenza katundu kuchokera m'midzi ya m'munsi kukafika patsinde pa phiri, akuyenda masiku ambiri pamwamba pa madzi oundana a Baltoro. Kagulu kochepa ka amuna a ku chigwa cha Hunza ndiko kankakwera ndi azungu mpaka m'misasa ya m'mwamba. Onsewa anali Asilamu, ndipo a ku Hunza ambiri ndi a gulu la Ismaili. Ife amene chinenero chathu chinasunga mawu oti mtengatenga tikudziwa kuti munthu wosenza katundu wa ulendo wa eni ake salowa kawirikawiri m'mbiri ndi dzina lake.

Amir Mehdi wa m'mudzi wa Hassanabad ku Hunza analowamo, ngakhale kuti mabuku a ku Italy amangomutchula kuti Mahdi. Mbiri yake inamveka mu 1953 pa phiri la Nanga Parbat. Pa 3 July chaka chimenecho Hermann Buhl wa ku Austria anafika pansonga ali yekha, wopanda mpweya wa m'masilinda, nagona panja usiku wonse ali chiimire. Atatsika mapazi atawonongeka ndi chisanu, Mehdi anali mmodzi mwa amene anamubereka kumsana. Choncho Ardito Desio, katswiri wa za miyala amene ankatsogolera ulendo wa Italy wa ku K2 chaka chotsatira, anali ndi chifukwa chomutengera.

Desio ankayendetsa ulendowo ngati gulu la nkhondo, akutumiza malamulo olembedwa kuchokera kumsasa wa patsinde. Mmodzi wa okwera, Mario Puchoz, anamwalira mu June ndi nthenda ya m'mapapo. Pofika kumapeto kwa July, Achille Compagnoni ndi Lino Lacedelli ndiwo anasankhidwa kukayesa nsonga, koma masilinda a okosijeni anali atatsala m'munsi. Pamtunda wa mamita 8,000 mpweya umene munthu amakoka umakhala ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a umene amakoka ali m'mphepete mwa nyanja yamchere. Magazi amalimba, maganizo amachita chizirezire, ndipo masitepe khumi amatopetsa ngati kulima tsiku lonse. Wina anayenera kutsika, kukasenza masilinda olemera pafupifupi makilogalamu 19 mtolo umodzi, ndi kukwera nawo kumsasa wotsiriza tsiku lomwelo. Ntchitoyo inagwera Walter Bonatti, wamng'ono pa onse, wa zaka 24, ndi Mehdi, amene panthawiyo anali atapitirira zaka 40. Bonatti sanabise kuti pomunyengerera anamuuza kuti mwina naye akapeza mwayi wofika pansonga.

Pa 30 July madzulo anafika pamalo amene anapangana, koma tenti sanaipeze. Compagnoni ndi Lacedelli anali ataikhoma pamwamba ndi cham'mbali, kuseri kwa matanthwe oterera. Erich Abram, amene ankathandizana nawo kusenza, anali atabwerera kale chifukwa mapazi anayamba kuchita dzanzi. Mdima unagwa. Anafuula kwa nthawi yaitali, ndipo pamene mawu anayankha kuchokera kumwamba, anali owauza kuti asiye masilinda pompo atsike. Kutsika mumdima pamalo otsetsereka otero kukanakhala kudzipereka kuimfa. Bonatti anakumba kashelefu m'chipale ndi nkhwangwa yake ya pa ayezi, ndipo awiriwo anakhala pamenepo, pa mamita pafupifupi 8,100, opanda tenti ngakhale chofunda, chimphepo chikuwakwirira ndi chipale. Panalibe munthu amene anagonapo panja pamtunda wotere n'kukhala moyo. Bonatti anali ndi nsapato zabwino za okwera mapiri; Mehdi anali ndi majombo wamba a asilikali, omuthina. Kutangoyamba kucha Mehdi anayamba kutsika, Bonatti namutsatira pambuyo. Compagnoni ndi Lacedelli anatsikira pamene panali masilinda, anawatenga, ndipo cha m'ma 6 koloko madzulo anaima pansonga.

Mehdi anadulidwa zala zonse za kumapazi ndipo anakhala miyezi 8 m'chipatala cha asilikali ku Rawalpindi. Sanakwerenso phiri.

Buku la Desio, La conquista del K2, linatuluka chaka chomwecho cha 1954. Usiku umenewu anaudutsa mothamanga, ngati chinthu chaching'ono cha panjira. Chimene anachikuza n'chakuti okosijeni anatha awiri aja asanafike pansonga, ndipo iwo anapitirizabe molimba mtima atasenza masilinda opanda kanthu. Nkhani yake inali yokoma kwa dziko limene linali litangotuluka m'manyazi a nkhondo. Koma inasiya funso: mpweya unatheranji msanga? Mu 1961 Bonatti anafotokoza mbali yake m'buku la Le mie montagne, ndipo yankho linabwera mu 1964, pamene mtolankhani Nino Giglio analemba m'nyuzipepala ya ku Torino kuti Bonatti ankafuna kuwatsogolera anzake pansonga, kuti anapuma okosijeni uja usiku, ndiponso kuti anamusiya Mehdi yekha. Bonatti anakasuma ndipo anapambana mlandu. M'bwalo zinadziwika kuti nkhaniyo inachokera kwa Compagnoni. Zinadziwikanso kuti Bonatti sakanatha kupuma mpweyawo ngakhale akanafuna, popeza zovala kumaso ndi timapaipi tolumikizira zinali m'tenti ya awiri aja.

Kupambana m'khoti sikunasinthe mbiri yovomerezeka. Bungwe la okwera mapiri la Club Alpino Italiano linakakamirabe pa buku la Desio, ndipo Bonatti anathera zaka zambiri akulemba mobwerezabwereza za maola, mamita ndi kuchuluka kwa mpweya m'silinda, monga m'buku la Processo al K2 la mu 1985. Ena ankati wakalamba ndi mangawa. Thandizo linachokera kumene sankayembekezera. Mu 1993 Robert Marshall, dokotala wa opaleshoni wa ku Australia amene ankakonda mabuku a Bonatti, anapeza zithunzi za pansonga m'buku la pachaka la ku Switzerland, The Mountain World la 1955. Pachithunzi china Compagnoni anali atavalabe chopumira kumaso. Pachinzake ndevu za Lacedelli zinali ndi mzere wa chisanu wosonyeza kuti wangochivula kumene. Munthu amene mpweya wamuthera maola awiri apitawo sasunga chinthu chomutsamwitsa pamphuno. Zithunzizo zinakhala poyera zaka pafupifupi 40, palibe amene anazipenyetsetsa.

Mu 2004 Lacedelli, ali nkhalamba, anatulutsa buku lake, K2: il prezzo della conquista, momwe anavomera kuti Compagnoni anasuntha dala msasa uja kuti Bonatti asawapeze, poopa kuti mnyamata wamphamvuyo angamulande malo. Chaka chomwecho bungwe lija linasankha akatswiri atatu, Fosco Maraini, Alberto Monticone ndi Luigi Zanzi, kuti aunikenso umboni wonse, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2007 m'buku la K2: una storia finita, kugwirizana ndi Bonatti pa mfundo zonse zazikulu. Desio sanazione, anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 104. Compagnoni ndi Lacedelli anamwalira mu 2009, Bonatti mu 2011, dzina lake litayeretsedwa.

Mutu wa buku lomalizalo ukutanthauza kuti nkhani yatha. Inathadi kwa anthu a ku Italy. Koma mukawerenga mabuku onsewa motsatizana mudzaona kuti mkangano wonse unali wa ulemu wa Bonatti, pamene munthu amene anataya ziwalo usiku umenewo amangooneka ngati umboni woponyerana. Kwa otsutsa Bonatti, Mehdi ndi wosauka amene anasiyidwa. Kwa Bonatti, ndi mnzake wamphamvu amene mantha ndi kuchepa kwa mpweya zinamusokoneza mutu, moti anachita kumugwira kuti asagwere kuphompho. Sindikukayika kuti Bonatti ananena zoona, koma ndi zoona za munthu mmodzi mwa awiri amene anakhala pakashelefu paja, ndipo awiriwo sankamvana bwino chinenero. Tenzing Norgay, ngakhale sankadziwa kulemba, anapeza James Ramsey Ullman womulembera Tiger of the Snows mu 1955. Mehdi sanapeze womulembera. Boma la Italy linamutumizira chikalata cha ulemu wa Cavaliere, ndipo mu 1994 anakumananso ndi Compagnoni ndi Lacedelli ku Islamabad pa mwambo wokumbukira zaka 40. Anakhala moyo wosauka ku Hunza, akuyenda ndi ndodo, mpaka anamwalira mu 1999.

Chimene anamulonjeza chija chinadzachitika kwa munthu wa kwawo. Mu 1977 Ashraf Aman wa ku Hunza, ali pa ulendo wa anthu a ku Japan, anakhala munthu woyamba wa ku Pakistan kuima pansonga ya K2. Pambuyo pake panabwera Nazir Sabir, kenako Samina Baig, mkazi wa ku Shimshal amene anakwera Everest mu 2013 ndi K2 mu 2022, ndi Muhammad Ali Sadpara wa ku Baltistan, mmodzi mwa atatu oyamba kukwera Nanga Parbat m'nyengo yachisanu mu 2016, amene anafera pa K2 mu February 2021. Mabuku nawo ayamba kutembenuka: Alpine Rising la Bernadette McDonald, la mu 2024, likukamba za anthu a m'mapiriwo monga eni nkhani. Linatuluka patangopita miyezi yochepa kuchokera pa 27 July 2023, tsiku limene Muhammad Hassan, wonyamula katundu wa ku Baltistan amene analibe zovala zokwanira za pamtunda wotero, anagwa pampata wopapatiza wotchedwa Bottleneck, pamwamba pang'ono pa malo amene Mehdi anachezera usiku uja. Ena anayesa kumuthandiza, koma anafera pomwepo, ndipo kanema wojambulidwa kuchokera m'mwamba anaonetsa mzere wa okwera akumulumpha popita kunsonga.