Doctor Who: Chuma Chomwe BBC Inafufuta Yokha

Sabata ino tiyeni tikambe za sewero la pa kanema lomwe lakhala nthawi yaitali kuposa ufulu wa dziko lathu. Doctor Who linayamba ku BBC pa 23 November 1963, Nyasaland isanakhale Malawi. Ndi nkhani ya mlendo wochokera kudziko lina lakuthambo, yemwe amayenda m'nthawi, kutsogolo ndi kumbuyo, pogwiritsa ntchito kabokosi ka buluu kotchedwa TARDIS.

Nzeru analipo nazo ndithu. William Hartnell atadwala mu 1966, olemba anangoti Dokotalayo amafundula thupi ngati njoka, Patrick Troughton n'kulowa. Basi, sewero silinafenso.

Koma tamverani izi. Masiku amenewo matepi anali odula, ndiye BBC inkafufuta zigawo zakale n'kujambulapo zina, monga momwe ife pamsika wa Nambuma timakhutulira thumba kuti tithiremo katundu watsopano. Zoti mawa anthu adzafuna kugula zakalezo, palibe anaziganiza. Anadzasiya mu 1978, madzi atafika kale m'khosi. Zigawo zoposa 90 za m'ma 1960 n'zosowa mpaka pano. Nkhani ya Marco Polo ya 1964, zigawo zonse 7, inapita. Mawu ake anapulumuka, chifukwa owonera ena ankajambula ndi timatepi tawo kunyumba.

Apa ndi pomwe Africa akulowa. BBC inkagulitsa makope a filimu kunja, kuphatikizapo Zambia, Rhodesia ndi Nigeria. Mu 2013, Philip Morris anapeza zigawo 9 zosowa m'chipinda cha siteshoni ina ku Jos, Nigeria, za The Enemy of the World ndi The Web of Fear. Zomwe London inataya, zinasungika pa shelufu yafumbi kwa anzathu.

Ife Amalawi sitinasungeko ngakhale chimodzi. Aneba athu a ku Zambia akuwonera, kuno kunalibe kanema. TVM inadzatsegulidwa mu 1999. Pomwepo n'kuti BBC itaimitsa sewerolo mu 1989, mwayi winanso wotayika, chifukwa kupatula filimu imodzi ya 1996, linagona mpaka 2005. Ndipo ngakhale Africa ankagula kuyambira kale, zinatenga zaka 60 kuti Dokotala wamkulu akhale mwana wobadwira kuno, Ncuti Gatwa wa ku Rwanda, mu 2023.

Mwina mukuti zachizungu izi zitikhudza bwanji. Taganizani za Kapalepale wa pa MBC, kapena zigawo zoyamba za Tikuferanji. Mdzukulu wanu akadzafuna kumva momwe agogo ake ankasekera, adzazipeza kuti? Nanga nthano ndi ndakatulo zomwe timalemba pagulu lino, foni ikagwera m'madzi, zili penanso?

Sabata ino sungani zolemba zanu pawiri, m'kope ndi m'foni. Ndipo ngati kwanu kuli makaseti akale, tiuzeni muli chiyani musanawapatse ana aseweretse.