Mafuta a pansi pa nyanja ndi asodzi a kwa Maganga

Mtsinje wa Linthipe ukadzaza m'dzinja, madzi a nyanja kwa Maganga amafiira mpaka cha ku zilumba za Maleri. Matope otere, pamodzi ndi ndere ndi tizamoyo takufa, akhala akuunjikana pansi pa nyanja ya Malawi kwa zaka mamiliyoni, ndipo kumpoto mulu wake ndi wokhuthala makilomita angapo. Madzi akuya alibe okosijeni, choncho zakufazo siziwola msanga. Zikakwiririka n'kutenthedwa kwa nthawi yaitali zimatha kusanduka mafuta. Chiyembekezo chonse chagona pamenepa, koma mbiri ikuonetsa kuti ziphaso zofufuzira mafuta zinathamanga kusiya umboni m'mbuyo.

Lamulo lofufuzira mafuta linakhazikitsidwa mu 1983. M'zaka zomwezo akatswiri a Project PROBE a ku Duke University anayeza miyala ya pansi pa nyanja potumiza phokoso n'kumvetsera kubwerera kwake. Mu 2005 asayansi anaboola pansipo ali pa chombo cha Viphya, koma ankafufuza mbiri ya nyengo, ndipo matopewo anaulula kuti kalekale chilala chinaphwetsa nyanjayi kwambiri. Chitsime chofufuzira mafuta chinali chisanakumbidwe m'nyanjamo pamene boma la Bingu wa Mutharika linapatsa chiphaso kampani ya Surestream Petroleum mu 2011. Chaka chotsatira Tanzania inadzutsa mkangano wa malire a pa nyanjayi, Malawi n'kutsamira pa pangano la 1890 la Britain ndi Germany. Mu 2014 boma linaimitsa ntchitoyi kuti liunikenso ziphaso.

Ena amati dziko losauka, la mizere pa mafilingi siteshoni, silingakhalire chuma, ndipo amaloza ku Uganda komwe anapeza mafuta ku nyanja ya Albert mu 2006. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo njala ya ndalama zakunja ndi yeniyeni. Koma Albert ndi yosaya, pomwe yathu imafika pafupifupi mamita 700, ndipo ku Uganda kunadutsa zaka zoposa 15 mafutawo asanagulitsidwe. Choopsa china n'chakuti madzi ambiri a nyanja yathu amachoka ngati nthunzi. Shire amatulutsa ochepa chabe, kotero zotayika m'menemo zingakhalitse mibadwo. Woyamba kulira angakhale msodzi wa chilimira ku Senga Bay ndi mayi woyanika usipa pa thandala, amene chakudya ndi fizi za ana zimachokera m'madzi omwewo, ngakhale mayina awo sali pa chiphaso chilichonse.